Mango m'Bokosi la Makwacha

Ndinapita ku Kabwe chifukwa cha liwu limodzi, ndipo liwulo ndinalilemba ndekha, palibe amene anandigwira dzanja.

Ndinaphunzitsa Chichewa kusekondale kwa zaka zambiri mpaka choko chinandiyeretsa ndevu. Nditatopa, ndinapeza ntchito yomasulira mafunso pa bungwe lina la kafukufuku ku Lilongwe. Abwana anga anali mayi wophunzira zachuma, tinkangowatchula kuti a Dokotala. Ntchito yawo inali yoika mtengo pa zinthu zimene sizigulitsidwa pamsika: mpweya wabwino, mtsinje wosadetsedwa, dothi lopanda poizoni. Tsiku loyamba ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anandiuza kuti pa tebulo la anthu ogawa ndalama, chinthu chopanda nambala amachiwerenga ngati ziro, ndiye ngati tikufuna kuti wina akachotse dothi loipa pakhomo pa munthu, tiyenera kupita ndi nambala m'manja.

Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, kunali mgodi wa mtovu. Unatsekedwa kalekale, koma fumbi lake likadali m'makomo, ndipo ana akamasewera pansi limawalowa m'magazi. Kumeneko kuli mabanja a zidzukulu za Amalawi amene anapita kukagwira ntchito kumgodi osabwereranso, ndipo ambiri amamvabe chinyanja. Ine ndinapatsidwa mafunso a Chingerezi kuti ndiwamasulire. Funso lalikulu linali lofuna kudziwa ndalama zimene munthu angalolere kupereka kuti pakhomo pake pakhale popanda fumbilo. Ndinalilemba motere, ndipo ndinadziyamikira: "Kodi ndi mtengo wanji umene mungaike pakhomo panu kuti fumbi la mtovu lichoke?"

Patatha mwezi a Dokotala anandiitana n'kunditembenuzira kompyuta. M'bokosi la makwacha munalembedwa kuti mango. Pansi pake, mango. Kenako gwafa, mango, mapeyala, mango. Munthu mmodzi, amene ndikukhulupirira kuti anaganiza mozama, anayankha kuti bulugamu.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinafotokoza kuti mtengo wokhala ndi masamba timautchula mokweza mawu pakati, pamene mtengo wa pamsika timautchula mawu ali pansi, ndipo vuto ndi la ofunsa aja, ophunzira olankhula Chibemba, amene anawerenga ndi kayimbidwe kawo. A Dokotala anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"A Mbewe, mawu okwera ndi otsika ndi anu. Ine ndikufuna manambala. Mupite nokha ku Kabwe mukafunse ndi pakamwa panu. Mukabwera ndi zipatso, miyezi yanu yoyeserera ntchito ithera pompo."

Anandipatsa tabuleti imene anali ataikonza kuti bokosi lija lizilandira manambala okhaokha. Anandiuzanso kuti ku Chipata ndikakumana ndi mayi wa ku Kabwe amene anatsogolera ofunsa oyamba aja m'makomo, ndipo tsopano anali kumeneko kukagula mtedza wa bizinesi. Walira mvula walira matope. Ndinali nditasiya ntchito ya boma ndikuimba mluzu, ndipo kubwerera kukapempha choko kunali kundichititsa manyazi kuposa njala.

Ndinanyamuka kumapeto kwa Novembala, mvula ikungoopseza osagwa. Pa depoti ya Lilongwe ndinasankha minibasi ya ku Mchinji yooneka yodzaza, ndikudziona wochenjera. Nditangokhala, anthu anayi anatsika mmodzimmodzi n'kupita kukakhala mu minibasi ina. Anali oitanira, ntchito yawo ndi yokongoletsa mipando. Tinadikira maola awiri. Ndinagwiritsa ntchito nthawiyo kuyeserera chapansipansi: mtengo wokwera, mtengo wotsika, mtengo wokwera. Mayi amene anali pafupi nane anasuntha dengu lake n'kuliika pamiyendo.

Pa boda ndinaphunzira phunziro loyamba la zachuma. Ndinapereka mtolo wa makwacha a kwathu wonenepa ngati buledi, ndipo wosintha ndalama anandibwezera timapepala tochepa ta makwacha a ku Zambia, toti n'kubisa m'chipewa. Dzina ndi lomwelo, kwacha, koma mphamvu ndi zina. Mkati, wa kasitomu anatulutsa tabuleti ija m'chikwama changa n'kundifunsa kuti, "Mtengo wake?" Anatchula bwinobwino, mawu ali pansi, ndipo ndinamuyamikira chifukwa cha katchulidweko. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafufuzanso chikwama chonse mpaka m'masokosi.

Ku Chipata ndinawapeza mayi aja pa siteshoni, atakhala pa matumba asanu ndi limodzi a mtedza ngati pa mpando wachifumu. Anali a msinkhu wanga, a mawu aakulu, ovala chitenje cha kutchalitchi ndi nsapato zothamangira.

"Ndimwe ba teacher ba mango?" anafuula, siteshoni yonse n'kucheuka. "Ine nine Bana Dalitso. Ambuya banga banachoka ku Ntcheu na miyendo. So ndise bamodzi, but mwachedwa."

Dzina lawolo linandiuza zonse: mwana ndi Dalitso wa kwathu, koma ulemu wake ndi wa Chibemba. Ndinafuna kuwauza kuti pa Chichewa chenicheni timati amake Dalitso. Anandipatsa thumba limodzi kuti ndinyamule, ndipo nkhani ya galamala inathera pansi pa mtedza.

Basi ya ku Lusaka inanyamuka m'mawa kutangoyera. Mlaliki analalikira mpaka ku Katete, kumene anatsika ndi chopereka chake n'kuwoloka msewu kukadikira basi yobwerera. Ku Petauke kunakwera bambo wa nkhuku. Ku Nyimba aliyense anagula nthochi ngati kutsogoloko kulibe chakudya, ndipo pa mlatho wa Luangwa anawonjezera nsomba zouma, mwakuti basi yonse inanunkha msika. Njira yonseyi ine ndinali ndikuwaphunzitsa Bana Dalitso. Ndinawafotokozera zimene a Dokotala anandiphunzitsa: kuti kale ofufuza ankangowerengera ndalama za kuchipatala ndi masiku amene munthu wajomba kuntchito, kuti ena anabwera n'kumayerekeza mitengo ya nyumba za pafupi ndi zinyalala ndi za kutali, kuti ena amangotenga nambala imene inapezeka ku Ulaya n'kuichepetsa kuti ikwane Afirika, ndipo kuti masiku ano ambiri amakonda kufunsa eni ake.

"Iyo ya ku Ulaya ni salaula," anatero, kutanthauza kaunjika. "Bavala bena, imwe mwachepesako chabe m'chiuno."

Kenako ndinafika pa phunziro langa lenileni. Ndinawaimbira mtengo wokwera ndi mtengo wotsika, ndikukweza ndi kutsitsa dzanja ngati wotsogolera kwaya. Anagwedeza mutu mwaulemu n'kundisendera nthochi. Ndinaganiza kuti ndapeza wophunzira wabwino.

Titadutsa Luangwa, msewu unayamba kukwera mapiri. Basi inabuula, inakhosomola, kenako pa chitunda china inangoima ngati yakumbukira kanthu. Lamba wa injini anali ataduka. Dalaivala anati wina akubwera naye kuchokera ku Lusaka, ali pafupi. Amene mwayendapo mukudziwa kutalika kwa liwu loti pafupi.

Dzuwa la kumeneko si la masewera. Pamalo ponsepo panali mtengo umodzi wokha wa mthunzi, ina yonse anaotcha makala, ndipo anthu a basi yathunthu tinapanikizana pansi pake. Amene anachedwa kutsika ankaima mutu uli mumthunzi, msana uli padzuwa. Mthunzi ukasuntha, tonse tinkasuntha nawo pamodzi ndi nkhuku zija. Ola loyamba tinatukwana dalaivala. Ola lachiwiri tinadya nthochi. Ola lachitatu Bana Dalitso anaimirira n'kulengeza kuti pali mphunzitsi wochokera ku Malawi amene amagula mphepo, ndipo ali ndi funso.

Ndinaona kuti ndi mwayi woyeserera. Ndinatulutsa tabuleti, ndinakonza kukhosi, ndipo ndinafunsa funso langa latsopano, limene ndinali nditalichotsamo mtengo uliwonse: "Mungalolere kupereka ndalama zingati mwezi uliwonse kuti pakhomo panu pasakhale fumbi la poizoni?"

Woyamba kuyankha anali mdala wina wa kolona m'khosi, wopuma ntchito ya njanji.

"Mwana wanga, ine nagwira ntchito zaka zambiri. Ukachula nambala pamaso pa munthu wa pepala, mwezi wa mawa ibwera na stamp ya msonkho. Lembani kuti mdala anagona."

Bambo wa nkhuku anati wogula satchula mtengo poyamba, ndiye ine ndiyambe ndine, iye atsitse. Ndinati sindikugulitsa chilichonse. Anafunsa kuti nanga tikukambiranji. Mayi wina kumbuyo anafunsa kuti poizoniyo anathira ndani, ndipo n'chifukwa chiyani wolipira akhale iye. Ndinayankha kuti palibe amene alipire zenizeni, ndi zongoyerekeza. Atamva zimenezo bambo wa nkhuku anawala nkhope n'kunena kuti ngati ndi choncho iye apereka mamiliyoni khumi, ndilembe, ndipo ndiwonjezere galimoto.

Anthu anaseka mpaka ena anagwera padzuwa. Ine ndinaseka nawo ndi mano okha. Ndinali nditachotsa liwu lolakwa lija, koma nambala yeniyeni sinabwere ngakhale imodzi. Ndinayamba kuwerenga m'mutu masukulu amene angalandire mphunzitsi wa ndevu zoyera. Bana Dalitso okha sanayankhe funsolo. Ankangotola makoko a nthochi n'kumaika mu jumbo.

Lamba anafika dzuwa litapendeka, atakwera lole ya simenti. Tinagona ku Lusaka kwa mng'ono wawo wa Bana Dalitso, ine pa sofa, mtedza pa malo abwino kuposa anga. M'mawa tinakwera basi ina yolowera kumpoto, ndipo tinayenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa malole ataliatali mpaka ku Chibombo. Pa rodibuloko wapolisi anafunsa mwini matumba. Bana Dalitso anandiloza ine n'kunena kuti ndi a profesa ochokera kunja, akukayeza mtedza. Wapolisi anandichitira sawatcha, ndipo ndivomere kuti ndinailandira.

Kabwe ndi tauni yafulati, ya njanji ndi misewu yotakata. Pakati pake pali mkuyu waukulu kwambiri, anthu atakhala pansi pake. Bana Dalitso anandigwira phewa n'kuuloza.

"Na uyu, ba teacher? Ni wokwera olo wotsika?"

Tinasiya matumba kwa mnzawo wa pamsika wa ku Kamushanga, ndinapeza chipinda ku Ngungu, ndipo kwa masiku atatu tinayenda m'makomo. Ku Bwacha zinthu zinayenda bwinoko. Kumeneko kuli akalaliki ndi aphunzitsi anzanga, anthu ozolowera mafomu, ndipo ena anatchula manambala atakambirana ndi akazi awo kukhitchini. Mtima unayamba kukhala pansi. Tsiku lachinayi tinapita ku makomo a kufupi ndi mgodi, kumene chulu chakuda cha zinyalala chimaonekera pamwamba pa madenga. Uku n'kumene mango ambiri aja anachokera. Minibasi inatisiya pa msewu wafumbi, ndipo ndinadzipeza ndikupuma mosamala ngati mpweya ndi wobwereka.

Tinalowa pa geti ya nyumba ina yakale ya anthu a mgodi. Pabwalo ponse panali kapinga wobiriwira, wopanda ngakhale kadazi, ndipo pakati panali mtengo wa mango waukulu, nthambi zitalemedwa. Pansi pake bambo wina wandevu, wa zaka ngati makumi atatu, ankathirira kapingayo ndi chitini chobowola. Ankathirira mosamala kwambiri, mzere ndi mzere. Ndinayang'ana pa tabuleti: nyumba imeneyi inali pa mndandanda wanga, ndipo yankho lake lakale linali mango.

"Mwini wake ali kuti?" ndinafunsa.

Bana Dalitso anavula nsapato zothamangira zija, anakoka mpando n'kukhala.

"Nine. Funsani."

Ndinachita manyazi, chifukwa ndinakumbukira kwaya yanga ya m'basi. Komabe ndinafunsa funso langa latsopano, mwaulemu, liwu ndi liwu.

"Iyayi, funsani ija yakudala," anatero. "Ija munalemba imwe."

Ndinafunsa lakale lija, ndipo ndinatsitsa mawu pa mtengo mpaka pansi penipeni, kuti pasakhale chokayikitsa. Iwo anabwereza pambuyo panga. Anatchula mtengo wotsika, kenako mtengo wokwera, onse awiri bwinobwino, kuposa ana ambiri amene ndinawakhozetsa mayeso.

"Ambuya banga benze ba ku Ntcheu, ba teacher. Ninamvera na first time. Uja mtsikana anafunsa bwino, sanalakwise."

Analoza bambo wothirira uja.

"Uyu ndiye Dalitso. First born. Pamene enze mwana, apa ponse penze dothi chabe, enze kusewera pansi, kudya na dothi monga bana bonse. Ku sukulu anakangiwa kupasa grade four katatu. Ba teacher benze kumumenya ati ni ulesi. Na ine n'namumenya." Anayang'ana kwa Dalitso. "Pa last ku clinic banapima magazi, ati ni ledi, uja mtovu wa ku mgodi. Ati mankhwala tizapasa, but vamene vaonongeka mu mutu sivibwerera. Ati vundikirani dothi, shangani kapinga, shangani mitengo, kuti bang'ono bake basadye fumbi."

Dalitso anamva dzina lake, anatiyang'ana n'kumwetulira, kenako anabwerera ku mzere wake.

"So n'nashanga. Madzi nenze kutapa ku pompi ya kutali, pa mutu, mu October. Zaka na zaka. Bang'ono bake bakulira pansi pa uyu mtengo, umodzi ni nurse manje. Ndiye imwe mubwera na ka TV kanu ati ningalipire zingati. Nalipira kudala, ba teacher. Mtengo wake ni uyo ali apo. Na uyo wina ali na chitini."

Ndinamva chisoni, ndipo ndinamva manyazi a mphunzitsi, chifukwa nanenso ndinakwapulapo ana amene ndinkawatcha aulesi osafunsa kuti kwawo amasewera pa dothi lotani. Bokosi la pa tabuleti linkangophethira, kudikira nambala.

Bana Dalitso anandiyang'ana, ndipo nkhope yawo yamalonda inabwerera.

"Manje imwe nchito izasila, ai? Lembani iliyonse. Fifty, hundred. Nizasaina. Mwaninyamulira mtedza, sinifuna bana banu bagone na njala chifukwa cha mango yanga."

Ndinaika chala pa nambala. Sindinama, ndinachiikadi, ndipo chinakhala pamenepo kanthawi. Ndinkadziwa kuti a Dokotala sanali kunama: popanda nambala, pa tebulo lija pakhomo pano ndi ziro. Koma nambala iliyonse imene ndikanalemba ikanakhala yanga, osati yawo, ndipo ikananena kuti mayiyu sanayambe kulipira. Ndili chiganizire, Dalitso anabwera, anatsuka mango awiri pa mpopi nthawi yaitali monga anamuphunzitsira, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Ndinazimitsa tabuleti. Ndinatulutsa fomu ya pepala imene ndinkasungira tsiku lothima magetsi, ndipo m'bokosi la makwacha ndinalemba ndi dzanja langa zimene mwini wake ananena. Kuseri kwa pepalalo ndinalemba nkhani yonse. M'makomo otsatira ndinasiya kuthamangira bokosi, ndinayamba ndi kufunsa kuti mtengo uwu munabzala liti. Ena analidi atamva molakwa, ndipo wa bulugamu uja anali wogulitsa mapolo. Koma ambiri anali atamva bwino lomwe.

Madzulo ndinawaimbira a Dokotala n'kuwauza kuti ndikubwera ndi manambala a ku Bwacha, koma a kufupi ndi mgodi ndikubwera ndi mapepala olembedwa kuseri. Anati tikakambirana ndikafika. Aliyense amene analembedwapo ntchito amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Mapepalawo anawawerenga onse, ndinawaona ndi maso anga, ndipo ena anawawerenga kawiri. Koma kompyuta yawo inalibe polowetsa mango, ndipo ntchito yanga sanaiwonjezere. Ndinabwerera ku choko. Sindiwaimba mlandu, chifukwa nawonso ali ndi tebulo lowadikira.

Za ulendo wobwerera ndilibe zambiri, basi sinafe. Ndimakumbukira za pa boda zokha. Mango awiri aja ndinali nditadya, koma njere zake ndinaziumitsa pa windo ku Ngungu n'kuzikulunga mu mpango. Wa kasitomu anali yemwe uja, ndipo anandikumbukira. Anakhuthula chikwama chonse, anafika m'masokosi, kenako anapeza kampango kaja. Anakamasula pang'onopang'ono ngati muli golide, ananyamula njere imodzi n'kuitembenuza, cholembera chili pa fomu.

"Ichi, mtengo wake?"

Anatchula bwino ngati poyamba paja, mawu ali pansi, ndipo ndinamumva bwino lomwe.

"Mango," ndinayankha.